Minda ya ku Shuyang ndi Msika wa pa Intaneti

Kumpoto kwa chigawo cha Jiangsu m'dziko la China, kumene dziko ndi lathyathyathya kotero kuti munthu angayende tsiku lathunthu osaona phiri loti nkulitchula phiri, kuli boma lotchedwa Shuyang, limene lili pansi pa mzinda wa Suqian, ndipo mukhala anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka. Amene amva za malo amenewa masiku ano amawadziwa chifukwa cha maluwa ndi mbande za mitengo zimene alimi ake amagulitsa pa intaneti. Koma ine ndifuna kukamba za nthaka imene maluwawo amerapo, za amene ali nayo, za amene aibwereka, ndi za mtengo umene apatsana, pakuti malonda a maluwa akambidwa kale ndi ambiri, pamene zimene malondawo anachita pa minda sizimveka kawirikawiri.

Makolo a anthu a kumeneko ankaopa madzi koposa chilala. Mtsinje wa Shu ndi mnzake wa Yi amatsika kuchokera ku mapiri a ku Shandong, ndipo akafika m'chigwa chopanda kutsetsereka chimenechi amasowa njira yopitira kunyanja. Tsono m'nyengo ya mvula ankasefukira, namiza mbewu, nabalalitsa anthu kukapemphetsa m'misewu ya kumwera. M'chaka cha 1054 kunatumizidwa kumeneko mnyamata wina wa ntchito ya boma, dzina lake Shen Kuo, amene pambuyo pake anatchuka chifukwa cha nzeru zake za nyenyezi ndi masamu. Ndipo mbiri yakale isimba kuti iye anatsogolera anthu kukumba ngalande ndi kumanga madamu, kufikira madambo aakulu anasanduka minda yabwino. Koma madzi saiwala khwawa. Kwa zaka mazana ambiri, kufikira mu 1855, mtsinje waukulu wa Huang He unkadutsa kumpoto kwa Jiangsu, nukwirira mitsinje ing'onoing'ono ndi matope ake, kotero kuti wolemba ndakatulo Yuan Mei, amene analamulira Shuyang m'zaka za m'ma 1740, anapeza anthu akulimbanabe ndi njala ndi dzombe. Kunali kumapeto kwa chaka cha 1949, boma latsopano la chikomyunizimu litangokhazikika, pamene anthu miyandamiyanda anasonkhanitsidwa ndi makasu ndi madengu nakumba mtsinje watsopano wa Xinyi, wotenga madzi osefukira kuwapititsa kunyanja ya kum'mawa. Nthaka ya ku Shuyang inawomboledwa m'madzi ndi thukuta la mibadwo, ndipo anthu ake amadziwa zimenezo.

M'chaka cha 1950 lamulo logawa minda linalanda nthaka kwa eni minda akuluakulu ndi kuigawira osauka, ndipo mlimi amene makolo ake anakhala akulima munda wa mwini nkumapereka mbali yaikulu ya zokolola anagwira kalata ya munda wake kwa nthawi yoyamba. Chimwemwe chimenecho sichinakhalitse. Pasanathe zaka khumi minda yonse inaphatikizidwa, poyamba m'magulu aang'ono, kenaka mu 1958 m'magulu aakulu, kumene anthu ankapita kumunda belu likalira, nalemberedwa mapointi a ntchito, nadya mphika umodzi. Ndipo zaka zitatu zotsatira zinali za njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni ambiri, makamaka m'chigawo choyandikana cha Anhui. Ku Anhui komweko, kumapeto kwa 1978, amuna 18 a m'mudzi wa Xiaogang anasonkhana usiku nadinda zala pa pepala, kupangana kugawana minda ya gulu mobisa, ndi kuti wina akamangidwa otsalawo adzalera ana ake. Zokolola za chaka chotsatira zinachuluka kotero kuti akuluakulu analeka kuwaletsa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 njira imeneyi inafika ku Shuyang ndi m'dziko lonse.

Kagawidwe kake tiyenera kukamvetsa bwino, pakuti zonse zimene zinadza pambuyo zinatsamira pamenepo. Nthaka sinabwezedwe kwa munthu kuti ikhale yake. Inatsala ya mudzi wonse, ndipo banja lililonse linangopatsidwa gawo lolima monga mwa chiwerengero cha anthu a m'nyumba, pa pangano lakuti lipereke kwa boma mbali ya zokolola, zotsala zikhale zake. M'maboma odzaza anthu monga Shuyang gawo la munthu mmodzi linali laling'ono, kotero kuti banja la anthu asanu linkangofika pafupi ndi ekala imodzi. Ndipo pofuna chilungamo, akuluakulu a midzi anagawa nthaka yabwino payokha, yapakati payokha, yolowa madzi payokha, kuti aliyense alaweko zonona ndi zowawa zomwe. Chotero banja limodzi linkakhala ndi timinda tinayi kapena tisanu, topyapyala ndi tatitali ngati malamba, tobalalika kumbali zonse za mudzi. Mu 1984 boma linati mapangano amenewa akhale a zaka 15. Mu 1993 linalonjeza zaka zina 30. Ndipo lamulo la mapangano a minda ya kumidzi, limene linakhazikitsidwa mu 2002, linatsimikiza kuti m'kati mwa zaka zimenezo mudzi usalande kapena kugawanso minda chisawawa. Panalinso mfundo ina imene inaoneka yaing'ono pa nthawiyo: m'madera ambiri anapangana kuti banja likachuluka munda suwonjezedwa, likachepa munda suchepetsedwa. Chifukwa chake mwana wobadwa kugawa kutatha, ndi mkazi wokwatiwa kuchokera kumudzi wina, sanadze ndi gawo lawolawo.

Tsono panadza zaka zimene munda unasanduka katundu wolemetsa. M'zaka za m'ma 1990 mafakitale anachuluka kumwera kwa mtsinje wa Yangtze, ku Suzhou, ku Wuxi, ku Changzhou ndi ku Shanghai, ndipo anyamata ndi atsikana a kumpoto anathamangira kumeneko, nasiya nkhalamba ndi tiana m'midzi; ankabwera kamodzi pa chaka, pa chikondwerero cha Chaka Chatsopano, ndipo ena ankabwereranso masiku ochepa mu June kudzathandiza kudula tirigu ndi kuwokera mpunga. Pa munda uliwonse panali msonkho wa boma, ndi pamwamba pake zopereka za kumudzi ndi za kutauni. Mtengo wa tirigu unali wotsika. Ndipo munthu akachotsa za feteleza, za mbewu ndi za misonkho, chotsala cha chaka chonse sichinkafika pa malipiro a miyezi yochepa a kufakitale. Pa nthawi imeneyo kubwereketsa munda sikunali malonda konse. Wopita kumwera ankangouza mbale wake kuti, “Achimwene, muzilima m'munda mwangamo, mungondilipirira msonkho,” ndipo nkhani inkathera pomwepo, popanda pepala, popanda mboni, popanda kutchula zaka. Ena ankachita kuwonjezerapo kangachepe kuti apeze wowalandira, ndipo minda ina inangogonera. Msonkho wa ulimi unathetsedwa m'dziko lonse mu 2006, boma litayambanso kupereka ndalama zothandizira olima chakudya, ndipo apo mpamene anthu anayamba kukumbukira timinda tawo ndi kufunsa malire. Koma ngakhale pamenepo lendi ya munda wa tirigu inali yochepa, popeza phindu la tirigu nalo ndi lochepa.

Kumpoto chakumadzulo kwa Shuyang, m'matauni aang'ono a Xinhe ndi Yanji, kunali luso lina lakale. Anthu a kumeneko amakamba kuti Hu Lian, nduna ya mafumu a Ming imene inali mbadwa ya komweko, ndiye anayambitsa munda wa maluwa wa m'mudzi wa Zhouquan, ndi kuti kuchokera m'munda umenewo luso lolera timitengo m'miphika ndi kumezanitsa nthambi linafalikira m'makomo. Minda itabwerera m'manja mwa mabanja, alimi a m'midzi imeneyi anayamba kufesa nazale pambali pa tirigu, nanyamula mbande kukagulitsa m'mizinda. Ndipo pamene mizinda ya China inayamba kumanga misewu, mapaki ndi nyumba zosanja mosalekeza, panafunika mitengo yambirimbiri yokongoletsa, malole nayamba kufika m'midzi. Koma malonda aakuluwo anali a anthu ochepa odziwana ndi makontirakitala. Mlimi wamba ankadikira wogula pakhomo, ndipo wotchula mtengo anali mlendoyo, pakuti nyengo yobzala ikapita mbande sigulidwanso, ndipo mwini wake sangakane kawiri.

Mu May 2003 kampani ya Alibaba ya ku Hangzhou inatsegula Taobao, msika wa pa intaneti kumene munthu aliyense akanatha kutsegula sitolo popanda kulipira malo. Ndipo posakhalitsa panadza Alipay, njira imene ndalama za wogula zimasungidwa pakati kufikira katundu atafika, chimene chinachititsa kuti mayi wa ku Beijing akhulupirire mlimi amene sanamuonepo. Patapita zaka zochepa achinyamata ena a ku Yanji anayesa kujambula mbande za makolo awo ndi kuika zithunzi pa msikawo. Ndipo akuluakulu, amene poyamba ankayesa kuti ana akungosewera pa kompyuta usiku wonse, anakhala chete ataona maphukusi akutuluka pakhomo, ndalama zikulowa. M'mudzi chinsinsi cha malonda sichibisika. Msuweni anaphunzira kwa msuweni, mlamu kwa mlamu, mpaka khwalala lonse linadzaza masitolo. Nthambi yofufuza ya Alibaba inayamba kutchula mudzi kuti “mudzi wa Taobao” ngati malonda ake a pa intaneti afika ma yuan 10 miliyoni pa chaka, ndipo masitolo ake afika 100 kapena banja limodzi mwa mabanja khumi alionse. Mu 2013 midzi yotere inali 20 yokha m'dziko lonse la China, ndipo Yanxia wa ku Yanji unali umodzi mwa iyo. Mu 2014 inafika 212, mu 2020 inapitirira 5,000, ndipo msonkhano waukulu wa midzi imeneyi wa mu 2016 unachitikira ku Shuyang komweko.

Amene afuna kuona malonda amenewa ndi maso aime pabwalo la nyumba imodzi masana a mwezi wa March, pamene dziko lonse la China libzala mitengo ndipo maoda achuluka. Bambo wa pakhomo wabwera kuchokera kumunda ndi njinga ya mawilo atatu yoyendera magetsi, itadzaza mbande za rozi zokumbidwa m'mawa, iliyonse ndi chibuma cha dothi lake kumizu. Agogo aakazi akhala pa kampando kafupi, akusadza masamba ndi kukulunga chibumacho m'pulasitiki kuti chinyezi chisathawe. Mpongozi ali pa kompyuta m'chipinda chakumaso, akuyankha ogula asanu nthawi imodzi, wina wofunsa ngati duwalo lipirira chisanu cha kumpoto, wina wodandaula kuti lake linafika lofota. Kamakina kakulavula timapepala ta maadiresi. Ndipo phokoso limene limveka m'mudzi wonse kufikira madzulo ndi la tepi yomatira makatoni. Dzuwa likapendeka afika magalimoto a makampani onyamula maphukusi, a ZTO, YTO, STO ndi Yunda, amene chifukwa cha kuchuluka kwa katundu amatsitsa mtengo wa phukusi lililonse. Ndipo mbande imene inali m'nthaka ya Shuyang m'mawa wa Lolemba ikhala pakhonde la nyumba yosanja ku Shanghai Lachitatu lisanathe.

Apa mpamene nkhani ya msika ikumana ndi nkhani ya munda. Mnyamata amene sitolo yake yagwira sangakhutire ndi timinda tinayi ta bambo ake, pakuti oda ikabwera mbande palibe, wogula apita kwa wina ndipo dzina la sitolo litsika. Afuna nthaka yokwanira, ya pamalo amodzi, yofikika ndi galimoto, yoti amangepo nyumba za pulasitiki zolereramo mbewu ndi kuyalamo mipope ya madzi. Kugula sangagule, chifukwa lamulo sililola munda wa mudzi kugulitsidwa. Kulandira gawo sangalandire, chifukwa kugawa kunatha iye ali mwana kapena asanabadwe. Njira yotsala ndi imodzi, ndiyo kugogoda pa makomo a nkhalamba. Chotero zinthu zinatembenuka m'njira imene makolo sanaionepo: kale mwini munda anali wolemera ndipo wobwereka anali wosauka, koma tsopano wobwereka ndiye anali ndi galimoto, pamene eni minda anali agogo a msana wopindika, ndi aja a kufakitale amene zaka khumi zapitazo ankapereka minda yawo kwaulere. Mlimi mmodzi wa maluwa wofuna maekala khumi ankayenera kugwirizana ndi mabanja ambiri, lililonse ndi maganizo ake, ndipo kukana kwa nkhalamba imodzi imene kamunda kake kali pakati kunkatha kuimitsa ntchito yonse.

Pomwepo pangano la pakamwa linatha mphamvu. Munthu amene waika ndalama zambiri m'zitsulo ndi mapulasitiki, kapena wabzala mtengo wotenga zaka zinayi kuti ugulitsike, sangakhale pa chifundo cha mwini munda amene angatulukire kuchokera ku Suzhou chaka chamawa nati, “Ndabwera, mundibwezere munda wanga”. Ndipo mwini munda naye, poona kuti mnansi wake akulandira ndalama, sangapitirize kupereka wake chifukwa cha chibale chokha. Anayamba kulemberana: zaka zakuti, kukula kwakuti, malire kum'mawa ndi kumadzulo, tsiku lolipira, ndi pansi pake chala chonyikidwa mu inki yofiira, mlembi wa mudzi ali mboni. M'madera ambiri a Jiangsu lendi amaiwerengera pa mtengo wa muyeso wakuti wa mpunga kapena tirigu, kuti ndalama ikachepa mphamvu mwini munda asaluze. Ndipo eni minda ochenjera amafuna kulipidwa chaka chisanayambe, osati chitatha. Kumene mabanja anachuluka, komiti ya mudzi inkasonkhanitsa timinda tonse, kufafaniza timalire ta pakati, ndi kubwereketsa chigawo chonse kwa munthu mmodzi kapena kwa kopaletivi, ndalama nizigawidwa monga mwa kukula kwa gawo la banja lililonse. Ndipo boma la Jiangsu linakhazikitsa msika wake wa pa intaneti wolengezerapo minda yofuna obwereka, kumene opikisana amatchula mitengo poyera.

Si onse ogulitsa pa intaneti amene anawonjezera munda. Ambiri, atazindikira kuti luso lawo lili pa kujambula, kuyankha ogula ndi kusunga dzina la sitolo, anasiya khasu, nabwereketsa timinda tawo kwa anzawo olima, nayamba kuoda mbande m'misika yaikulu ya ku Shuyang, ndi zina zochokera kutali ku Yunnan, ku Guangdong ndi ku Fujian. Nkhalamba zimene zinabwereketsa minda zinkalembedwa ganyu m'minda yawo yomweyo, kupalira ndi kukulunga mizu, kotero kuti zinkalandira kawiri, lendi kamodzi pa chaka ndi malipiro a tsiku. Owonjezera ndi osiya, onsewo anakankhira ku chinthu chimodzi: kulima kunachoka m'manja ambiri kupita m'manja ochepa, pamene mayina a m'mabuku a mudzi sanasinthe. Akuluakulu a Shuyang amatchula mahekitala pafupifupi 40,000 kuti ndiyo nthaka ya bomalo imene ili ndi maluwa ndi mitengo yogulitsa. Ndipo m'dziko lonse la China, pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 2010, minda ya mapangano yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu inali ikulimidwa ndi munthu wina osati amene anaipatsidwa. Intaneti siyo yokha inachita zimenezi, pakuti kusamukira kumizinda ndi kubwera kwa mathirakitala kunachita zambiri. Koma m'midzi ya maluwa ndiyo inakweza mtengo.

Boma linatsatira m'mbuyo, likulemba m'malamulo zimene anthu anali atayamba kale kuchita. Kuyambira cha mu 2013 linatumiza anthu kukayeza kamunda kalikonse ndi kupereka kwa banja lililonse kabuku ka umboni. Ndipo mu December 2018 lamulo la mapangano linakonzedwa kuti ligawe ufulu wa pa munda patatu: umwini ukhale wa mudzi, pangano likhale la banja, ndipo ufulu wolima ndiwo wokha uyende kwa wobwereka, amene angathenso kuupereka chikole ku banki ngati banja lavomera. Lamulolo linasunganso malire akale, akuti kubwereketsa kukhale kwa kufuna kwa mwini, kusapitirire zaka zotsala za pangano lake, ndipo munda usasandutsidwe malo a ntchito ina yosakhala ulimi. Ine ndiona kuti apa mpamene panagona chipulumutso cha anthu wamba a ku Shuyang. Nthaka ikakwera mtengo mwadzidzidzi m'dziko limene munda ugulitsidwa, wosauka ndiye ayamba kugulitsa, pa tsiku la matenda kapena la ngongole, ndipo agulitsa pa mtengo wa dzulo. Mawa lake aona wina akulemera pa cholowa cha makolo ake, iye atasanduka mlendo m'mudzi mwake. Ku Shuyang nkhalamba sinathe kugulitsa ngakhale ikanafuna, ndipo wolemera sanathe kugula ngakhale anali ndi ndalama. Chimene anagulana ndi zokolola za zaka zowerengeka, monga momwe chilamulo cha Mose chinakonzera kuti mtengo wa munda uwerengedwe pa zaka zotsala kufikira chaka choliza lipenga, munda nubwerera kwa mwini wake. Intaneti inapatsa munda mtengo, koma pepala la zaka 30 ndilo linachititsa kuti mtengowo ugwere m'dzanja la amene anali pamundapo kale.

Koma walira mvula walira matope. Woyamba kumva kuwawa anali mlimi wa tirigu ndi mpunga, amene phindu lake pa ekala ndi lochepa ndi lodziwika, ndipo sangapikisane ndi munthu wa rozi pa lendi. Eni minda atamva zimene alandira anzawo a kutsidya kwa ngalande anakweza nawonso, ndipo wolima chakudya anayenera kusuntha kutali ndi msewu, kapena kulima chaka chonse nkutsala ndi zochepa. Chimene chindivutitsa mtima koposa ndi dothi. Mbande iliyonse ituluka ndi chibuma chake, ndipo mtengo waukulu utuluka ndi chibuma choti anthu awiri sanganyamule. Chibuma chimenecho chichokera pamwamba penipeni, pa nthaka yakuda imene mibadwo inathira manyowa. Ndipo chaka ndi chaka, katoni ndi katoni, munda utsika. Pangano linena kuti wobwereka adzabweza munda pa tsiku lakuti, ndipo malire adzabwezadi. Koma mwini munda amene analandira lendi zaka khumi akhoza kulandira nthaka yokumbikakumbika, yodzaza zitsa ndi zidutswa za pulasitiki, imene sibala tirigu kufikira itachiritsidwa, ndipo kuichiritsa kudya ndalama zomwe zija analandira. Dzina la Shuyang linadetsedwanso ndi ogulitsa ena achinyengo, otumiza mbewu zina m'malo mwa maluwa a pa chithunzi, kufikira boma la kumeneko linachita kuwasaka ndi kuwalanga. Ndipo popeza ikaola imodzi zaola zonse, ogula akathawa ndi sitolo ya wachilungamo yomwe imagwa, wobwereka nalephera kulipira, nkhalamba yosalakwa nitsala ndi munda wa mitengo imene siingathe kudya kapena kuzula.

Kuyambira mu 2016, pamene Taobao inatsegula njira yoti munthu aulutse kanema pompopompo ndi kugulitsa ali kulankhula, mapulogalamu a pafoni a Kuaishou ndi Douyin nkutsatira pambuyo, malonda anasinthanso. Wogula safunanso chithunzi. Afuna kuona duwa lenilenilo, ndi mtsikana wa m'mudzi ataima pakati pa mizere, foni ili pa kachitsulo patsogolo pake, akunyamula mphika umodziumodzi, kuutembenuza, kulembapo nambala ya wogula ndi kuuika pambali. Zimenezi zinabwezera ulemu kwa amene ali ndi munda, chifukwa wogula akhulupirira amene aoneka ataima m'nthaka. Ndipo malo a m'mbali mwa misewu yabwino, kumene kuli magetsi ndi netiweki yamphamvu, anafunidwa koposa kale, pamene minda ya kutali inatsala pa mtengo wa tirigu. M'boma limodzi lomwelo mabanja awiri amene analandira magawo ofanana pa kugawa minda kuja anapezeka akulandira lendi zosiyana, popanda kuti wina analimbika koposa kapena wina anachita ulesi, koma chifukwa cha kumene msewu unadutsa.

Kenaka boma la ku Beijing linakumbukira njala. Dziko la anthu 1.4 biliyoni, limene nthaka yake yolimika siikwana gawo limodzi mwa magawo khumi a nthaka yolimika ya dziko lapansi, linadziikira kale malire akuti minda isachepere mahekitala 120 miliyoni. Ndipo mu 2020, chaka cha mliri, boma linatulutsa malangizo awiri, mu September ndi mu November, oletsa kusandutsa minda malo a ntchito zina, ndi oletsa kuichotsa pa mbewu zodyedwa. Pa nthaka imene inalembedwa kuti ndi minda yachikhalire ya chakudya, kubzala mitengo yokongoletsa ndi kapinga wogulitsa, kapena kukumba maiwe a nsomba, kunaletsedwa. Zithunzi za masetilaiti zinkaonetsa munda uliwonse umene wasintha maonekedwe, ndipo m'zigawo zambiri alimi anauzidwa kuzula mbande ndi kubwezeretsa tirigu. Sindiona kulakwa pa boma lofuna kuti anthu ake asadalire zombo za mayiko ena pa chakudya, makamaka m'dziko limene nkhalamba zake zikumbukira chaka cha 1960. Koma lamulo lotere likagwa pakati pa pangano la zaka khumi, wobwereka ataya zimene anaika, mwini munda abwerera pa lendi ya tirigu, ndipo onse awiri sanafunsidwe. Nthawi yomweyo malonda a nyumba m'mizinda anagwa kuyambira mu 2021, kampani yaikulu yomanga nyumba ya Evergrande italephera kubweza ngongole zake, ndipo mitengo ikuluikulu imene inabzalidwa kudikira mabwalo a nyumba zatsopano inasowa ogula, nkumangokula m'minda ya lendi.

Mapangano a zaka 30 aja akutha tsopano. M'midzi yambiri ya Jiangsu anasainidwa cha mu 1998 ndipo adzatha cha mu 2028, pamodzi ndi mapangano onse a lendi amene anamangidwa pamwamba pake. Mu October 2017 mtsogoleri wa dzikolo, Xi Jinping, analengeza pa msonkhano waukulu wa 19 wa chipani cholamula kuti adzawonjezedwa zaka zina 30, ndipo boma lanena kuti kwa mabanja ambiri minda idzakhala momwe ilili, popanda kugawanso. Kwa nkhalamba ndi kwa obwereka awo uwu ndi uthenga wamtendere, pakuti angathe kulemberananso zaka zambiri osaopa. Koma m'makomo omwewo muli anyamata ndi atsikana amene kubadwa kwawo sikunawonjezere ngakhale phazi limodzi pa munda wa banja, ndi akazi amene anasiya gawo lawo kwa makolo pokwatiwa osalandira lina kwa apongozi. Ndipo ambiri mwa iwo ndiwo aima patsogolo pa foni m'nyumba za pulasitiki, akulipira lendi pa nthaka ya mudzi wawo womwe. M'midzi imene boma layambira kuyesera kuwonjezera mapanganowa, madandaulo a anthu opanda gawo ndiwo nkhani imene makomiti akukhalira pansi. Ndipo njira zimene boma latchula ndizo kuwapatsa nthaka yosungidwa ya mudzi kumene ilipo, kapena ya mabanja amene anatha popanda wotsala, kapena gawo la ndalama zimene mudzi upeza, kapena kuwapezera ntchito.